Makala Osefera Madzi: Mafunso ndi Mayankho pa Kuchotsa Mankhwala m'Madzi Akumwa ku Lilongwe

Tikamakamba za madzi oipa kuno ku Lilongwe, maganizo amathamangira ku kolera, ndipo m'pomveka, chifukwa mliri wa 2022 mpaka 2023 unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Koma pali litsiro lina lomwe silitsegula m'mimba tsiku lomwelo: mankhwala a mbewu, mafuta a galimoto, utoto, ndi zotsalira za mankhwala a kuchipatala. Zimenezi kuwiritsa sikuzichotsa. Masiku ano m'masitolo a ku Old Town ndi ku City Centre mwafika masefa okhala ndi makala m'kati, ndipo anthu ambiri akufunsa ngati amathandizadi. Amathandiza ndithu, koma pa zinthu zina zokha, komanso kwa nthawi yowerengeka.

Mankhwala ake ndi ati, nanga amafika bwanji m'madzi athu?

Tikunena gulu la mankhwala omwe akatswiri amati ndi a organic, kutanthauza kuti mamolekyu ake, tizigawo tosaoneka ndi maso topanga mankhwalawo, anamangidwa pa kaboni. Gululi ndi lalikulu kwambiri, koma ife a kuno tingaliunike potsata komwe limachokera.

Choyamba ndi kumunda ndi kudimba. M'mphepete mwa mitsinje ya Lilongwe, Lingadzi ndi Diamphwe anthu amalima tomato, repu ndi kabichi chaka chonse, ndipo amapopera cypermethrin, dimethoate ndi ena otero. Kuminda ya chimanga kuli mankhwala opha udzu monga atrazine ndi glyphosate. Chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda, zomwe zinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu 2017, chimanga chomwe kale sichinkapoperedwa chinayamba kupoperedwa. Mvula ikagwa imakokolola mankhwalawo, ndipo mlimi akatsukira sipuleya yake mumtsinje amawathira mwachindunji.

Chachiwiri ndi m'tauni: oyilo wakuda wotayidwa kuseri kwa galaja, madzi a malo otsukira magalimoto, utoto wonyikira nsalu, sopo ndi mankhwala a m'masaluni. Chachitatu chimene ambiri sachiganizira ndi thupi lathu lomweli. Mankhwala ambiri amene timamwa, monga Bactrim, satheramo onse m'thupi. Gawo lina limatuluka ndi mkodzo. Kumene chitsime chakumbidwa pafupi ndi chimbudzi chokumba, monga zimakhalira m'madera odzaza ngati Mtandire, Mgona ndi Chinsapo, njira yochoka kuchimbudzi kufika kuchitsime imakhala yaifupi. Vutoli si la ife tokha. Kafukufuku wotsogozedwa ndi yunivesite ya York, yemwe anatuluka mu 2022, anayeza mitsinje 258 m'mayiko 104 ndipo anapeza zotsalira za mankhwala a kuchipatala m'malo ochuluka zedi.

Kodi kuwiritsa kapena kuthira WaterGuard sikokwanira?

Pa majeremusi ambiri ndi kokwanira, ndipo musasiye. Pa mankhwala ayi. Mukawiritsa madzi okhala ndi atrazine, madzi ena amauluka ngati nthunzi koma atrazine amatsala m'potomo, ndiye kuti mu lita iliyonse yotsalayo wachulukirapo. Pali ochepa amene amauluka ndi nthunzi, monga benzene wa mu petulo, koma mankhwala ambiri a mbewu sali choncho. Klorini amaphwanya mankhwala ena, ena sawakhudza n'komwe.

Nanga khala lakuda lingayeretse bwanji madzi?

Chinsinsi chake chili m'timabowo. Mtengo kapena chikoko chikapsa popanda mpweya wokwanira, madzi, phula ndi mpweya zimatuluka, n'kusiya chigoba cha kaboni chodzaza ndi tinjira tating'onoting'ono. Tina n'tokulirapo, timakhala ngati polowera, tina n'tapakati, ndipo tambiri n'tochepa kuposa mananomita 2, pomwe nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita. Madzi akamadutsa, mamolekyu a mankhwala amalowa m'timabowomo n'kukakamira pa makoma ake. Sasungunuka, saphwanyika, amangogwidwa.

Chimene chimawagwira ndi mphamvu yaing'ono yokokana yomwe imakhalapo pakati pa zinthu zikayandikana kwambiri. M'kabowo kothina, molekyu imakokedwa ndi makoma mbali zonse, choncho imavutika kutulukamo. Chinanso n'chakuti mankhwala ambiri a organic sagwirizana ndi madzi, monga mmene mafuta amakanira kusakanikirana nawo, ndiye akapeza khoma la kaboni amasankha kukhala pamenepo.

Kuchuluka kwa makomawo n'kodabwitsa. Galamu imodzi ya makala abwino a mtundu wa activated carbon, omwe ndi makala okonzedwa mwapadera kuti akhale ndi timabowo tambiri, imakhala ndi makoma okwana masikweya mita 500 mpaka 1,500. Titati titambasule makoma a m'magalamu 7 okha, angakute bwalo losewerera mpira la pa Bingu National Stadium.

Mutha kudzionera nokha pakhomo. Tengani matambula awiri a madzi, muthiremo kadontho ka kala yofiira yophikira makeke ndi kamchere pang'ono m'tambula iliyonse. M'tambula imodzi muthiremo supuni ya activated carbon wa ufa, mutakase, mudikire mphindi 15, kenaka musefe ndi pepala losefera kapena kansalu kothina kopinda kangapo. Mudzaona madzi akudontha atazilala mtundu kapena atayereratu, pomwe a m'tambula ina akadali ofiira. Ndiyeno lawani kadontho: mchere uja ukadalipo wonse. Pamenepo mwaona mphamvu ya makala ndi malire ake nthawi imodzi.

Ndi nzeru yatsopano kodi?

Ayi. Mu 1773 Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anaonetsa kuti makala amakoka mpweya, ndipo mu 1785 Johann Tobias Lowitz, akugwira ntchito ku St Petersburg, anapeza kuti amachotsa mtundu m'zinthu zamadzimadzi. Mafakitale a shuga anaitola nzeruyo n'kumayeretsera shuga. Njira zopangira activated carbon wamakono zinalembetsedwa ndi Raphael von Ostrejko mu 1900 ndi 1901, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse makala amenewa anaikidwa m'zophimba kumaso zoteteza asilikali ku utsi wa poizoni.

Makala a pambaula ali kale pakhomo. Bwanji osangogwiritsa omwewo?

Funso ili ndi limene limabwera kwambiri, ndipo yankho lake limakhumudwitsa ena. Makala ophikira amawotchedwa mu uvuni wadothi pa kutentha kochepa, nthawi zambiri kosapitirira madigiri 500. Pa kutentha kotereku timabowo tambiri timatsala titatsekeka ndi phula. N'chifukwa chake makala ena amafuka utsi mukamakoleza. Pophika palibe vuto, koma posefera madzi makoma ogwira mankhwala amakhala ochepa kwambiri, ndipo makala osapsa bwino akhoza kusiya fungo lawo m'madzimo.

Activated carbon amadutsa pa moto kawiri. Akatha kuwotchedwa koyamba, amawalowetsa mu ng'anjo ya madigiri 800 mpaka 1,000 n'kumawapemerera nthunzi, yomwe imadya phula lija ndi kukumba timabowo tatsopano. Njira ina ndi yonyika zipangizozo mu phosphoric acid kapena potassium hydroxide asanaziwotche. Mankhwala awiriwa amawotcha khungu ndi maso, ndipo si oyesera pakhomo.

Pali chifukwa china chimene ndimakanira makala a mumsika. Ambiri mwa makala amene amalowa mumzinda uno panjinga m'bandakucha amachokera ku Dzalanyama, nkhalango yomwe ndi gwero la mtsinje wa Lilongwe. Kudula mitengo kumeneko kunafika poti asilikali anatumizidwa kukalondera mu 2015. Nkhalango ikatha, nthaka imakokoloka n'kukadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, madzi amafika odetsedwa, ndipo kuwayeretsa kumadula. Kugula makala a ku Dzalanyama kuti tiyeretsere madzi ndi kuipitsa madzi omwewo.

Ndiye tingapange bwanji makala abwino osadula mitengo?

Zipangizo tili nazo zambiri, ndipo timangozitentha kumunda: zitsononkho, makoko a mtedza omwe amaunjikana ku Mitundu, ku Nsundwe ndi ku Mchinji ikatha ntchito yoswa, nsungwi zouma, makoko a malambe ndi a makademiya. Makala ochokera ku zinthu zoterezi ndi amene akatswiri amawatcha biochar. Zolimba ngati makoko a makademiya ndi nsungwi zimatulutsa makala osafumbutuka msanga. A zitsononkho amakhala opepuka ndi ofewa, amafuna kutsukidwa kwambiri.

Chofunika ndi kutentha. Njira imene yaonetsa zotsatira zabwino m'mayiko ena ndi ya mgolo woyatsira pamwamba. Mumatenga mgolo wachitsulo wa malita 200 umene sunasungepo mankhwala, mumaboola mabowo ambiri pansi pake, n'kuukhazika pa njerwa kuti mpweya uzilowera kunsi. Mumadzaza zitsononkho zouma gwa, kuyatsa pamwamba, n'kuvundikira ndi chivundikiro chokhala ndi chumuni, kusiya kampata pakati pa mgolo ndi chivundikirocho. Moto umatsika pang'onopang'ono. Zikamayenda bwino utsi umakhala wochepa, pachumuni pamaoneka lawi loyera, ndipo mzere wofiira umaoneka ukutsika m'mbali mwa mgolo ukamayang'ana madzulo. Lawi likazilala ndipo pansi pafiira, mumazimitsa ndi madzi ambiri. Khala lopsa bwino limakhala lopepuka, limathyoka mosavuta, silinunkha utsi, ndipo mwaye wake umachoka m'manja ndi madzi okha osafuna sopo. Ngati m'manja mwatsala zonona ngati mafuta, phula likadalimo.

Mukatero mumasinja kuti tizidutswa tikhale ta mamilimita 1 mpaka 4, kusefa, ndi kutsuka mpaka madzi asiye kuda. Makala amenewa safika pa activated carbon wa kufakitale, choncho pamafunika ochuluka, ndipo madzi azikhalitsa m'menemo. Musawotche matabwa opakidwa penti kapena mapolo onyikidwa m'mankhwala a chiswe.

Ndikanakonda ophunzira a ku Bunda ndi magulu a achinyamata opanga makala a zinyalala atailimbikira ntchito imeneyi, chifukwa chimene chikusowa si zipangizo, koma kuyeza kotsimikizira kuti makala a zitsononkho zathu amagwira mankhwala ati, ochuluka bwanji.

Ndi chiyani chimene makala sachotsa?

Apa ndipo pagona nkhani. Makala sapha majeremusi. Kolera, tayifodi ndi kamwazi zimadutsa. Komanso sefa ya makala ikakhala yonyowa masiku ambiri, mabakiteriya amaswanamo, popeza zimene makala agwira zimasanduka chakudya chawo.

Sachotsa mchere, monga taonera. Sachotsa nitrate, amene amachokera ku feteleza ndi ku zimbudzi ndipo ndi woopsa kwa makanda akapitirira mamiligalamu 50 pa lita. Sachotsa fluoride, amene amathimbiriritsa mano akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita. Ku Nathenje kafukufuku anapeza mijigo ina yokhala ndi fluoride wochuluka, ndipo kumeneko chothandiza ndi makala a mafupa a ng'ombe, omwe ndi chinthu china ndithu.

Ngakhale pakati pa mankhwala a organic pali kusiyana. Atrazine, DDT, benzene, utoto ndi zinthu zonunkhitsa madzi zimagwidwa bwino. Koma glyphosate ndi metformin, mankhwala a matenda a shuga aja, amagwirizana kwambiri ndi madzi, ndipo makala amawagwira movutikira. Wogulitsa akakuuzani kuti sefa yake imachotsa chilichonse, musamukhulupirire.

Ndondomeko yoyenera ndi iti ngati ndimatunga pachitsime?

Yambani ndi kudekhetsa. Madzi amatope akhale m'ndowa mpaka matope atsike, chifukwa matope amatseka timabowo msanga. Njere za chammwamba zosinja zimathandiza kugwetsa matope. Njira imeneyi inayesedwa pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990. Kenaka madzi adutse mumchenga wotsukidwa bwino. Akatero adutse m'makala, pang'onopang'ono. M'malo akuluakulu oyeretsera madzi amawerengera kuti madzi akhudzane ndi makala kwa mphindi 10 mpaka 20. Ndi makala opanga nokha onjezerani nthawiyo kwambiri. Madzi ongothamanga m'kasefa kakang'ono amatuluka ndi mankhwala ambiri.

Klorini kapena kuwiritsa kukhale komaliza. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amathira WaterGuard kaye kenaka n'kusefa. Makala amachotsa klorini, ndiye madziwo amafika m'chigubu opanda chitetezo chilichonse. Mukathira klorini dikirani mphindi 30, ndipo sungani m'ndowa yovundikira, makamaka yokhala ndi kampopi.

Ine ndimamwa a Water Board. Sefa ndiigulirenji?

Mwina simukuifuna n'komwe. Lilongwe Water Board, yomwe inakhazikitsidwa mu 1947, imatenga madzi mumtsinje wa Lilongwe mothandizidwa ndi madamu awiri a Kamuzu, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989. Madziwo amathiridwa mankhwala ogwetsa matope, amasefedwa mumchenga, n'kuthiridwa klorini. Ambiri amene amagula sefa amafuna kuchotsa fungo la klorini, ndipo makala amachita zimenezo bwino kwambiri. Amachotsanso kafungo kadothi kamene nthawi zina kamabwera ndi ndere za m'madamu. Kamachokera ku geosmin, chinthu chimene mphuno ya munthu imachimva ngakhale chitachepa kwambiri, koma sichidwalitsa.

Pali nkhani inanso. Mu 1974 Johannes Rook wa ku Rotterdam anapeza kuti klorini akakumana ndi zotsalira za masamba owola m'madzi amapanga mankhwala monga chloroform. Bungwe la WHO linaika malire a chloroform pa mamiligalamu 0.3 pa lita, koma limanenetsa kuti mantha a zimenezi asachititse anthu kusiya kuthira klorini. Ndikugwirizana nazo kwathunthu. Kolera imapha m'maola ochepa.

Ngati mwaika sefa pampopi, sefani okwanira tsiku limenelo. Madzi osefedwa alibenso klorini, ndipo si oyenera kusunga m'migolo kudikira tsiku limene mipopi idzaume.

Ndingadziwe bwanji kuti makala atha mphamvu?

Ndi maso simungadziwe, ndipo ichi ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa masefa amene ali m'makomo mwathu. Timabowo tili ndi malire. Makala a pamwamba amadzaza kaye, kenaka apakati, mpaka tsiku lina mankhwala amayamba kutulukira pansi pamodzi ndi madzi. Madziwo amaonekabe oyera mbee. Choipa kwambiri n'chakuti makala odzaza akhoza kulavula zimene anagwira kale: pakabwera mankhwala okakamira mwamphamvu, amakankha ofooka aja, ndipo kwa kanthawi madzi otuluka akhoza kukhala ndi mankhwala ena ochuluka kuposa olowa.

Musadikire kuti fungo la klorini libwerere. Makala amapitiriza kuchotsa klorini kwa nthawi yaitali mphamvu yogwira mankhwala ena itatha kale. Tsatirani malita kapena miyezi imene opanga alemba, yomwe pa masefa ambiri a pakhomo imakhala 3 mpaka 6, ndipo lembani tsiku loikira pa sefapo. Ngati madzi anu ndi achikasu kapena a m'dambo, sinthani msanga, chifukwa zotsalira za zomera zimalimbirana malo ndi mankhwala amene mukufuna kuchotsa. Musanagule sefa, funsani ngati makala osinthira amapezeka kuno ndi mtengo wake. Sefa yokhala zaka ziwiri osasinthidwa imapatsa banja chikhulupiriro chabodza, ndipo nthawi zambiri pakhomo potero anasiya kale kuwiritsa.

Sindingawatsuke kapena kuwayanika padzuwa n'kuwagwiritsanso?

Kutsuka kumachotsa matope a kunja, osati mankhwala a m'timabowo. Dzuwa ndi kuwiritsa n'chimodzimodzi. Kufakitale amawabwezera mphamvu powawotchanso pa madigiri oposa 800 m'ng'anjo zokhala ndi zida zogwira utsi. Pambaula simungafikepo, ndipo utsi wake mungaupume nokha.

Kupatula makala, pali zina?

Zilipo. Zeolite ndi mwala wa timabowo tofanana kukula. Anaupatsa dzina Axel Cronstedt mu 1756, ndipo umagwira bwino ammonia ndi zitsulo zina kusiyana ndi mankhwala a organic. Dongo la bentonite limagwira utoto wina. Palinso zinthu za timabowo zopangidwa mu labotale zotchedwa MOF, zomwe zina zimafika masikweya mita 7,000 pa galamu. Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi analandira mphotho ya Nobel ya 2025 chifukwa cha zimenezi. Koma n'zodula, ndipo zina zimaonongeka m'madzi. Kwa ife lero, makala ndiwo ali pafupi.

Mankhwala a mbewu atayikira m'chitsime chathu. Tithiremo makala?

Ayi. Lekani kumwa, kuphikira ndi kumwetsa ziweto, vundikirani chitsimecho, dziwitsani mfumu ya m'dera ndi alangizi a zaumoyo, ndipo sungani botolo la mankhwalawo kuti adziwe chimene chalowa. Sefa ya pakhomo inapangidwira mankhwala ochepa kwambiri, osati botolo lathunthu. Ngati wina wamwa madziwo ndipo akutuluka dovu, akusanza, akutuluka thukuta kapena akubanika, thamangirani naye kuchipatala. Musamumwetse makala osinja kapena mkaka, ndipo musamusanzitse. N'zoona kuti kuchipatala nthawi zina amapereka activated charcoal kwa omwa poizoni, koma amatero ataona mtundu wa poizoniyo ndi mmene wodwalayo alili.

Pofuna kuyezetsa madzi, funsani ku Central Water Laboratory ya unduna wa za madzi kapena ku Malawi Bureau of Standards. Nenani momveka kuti mukufuna kuyeza mankhwala a mbewu ndipo tchulani dzina lake, chifukwa kuyeza kwa nthawi zonse kumayang'ana majeremusi, matope ndi mchere, pomwe mankhwala amafuna makina ena ndipo mtengo wake umakwera.

Makala otha ntchito tiwataye kuti?

Zimadalira chimene anasefa. Ochokera pa sefa ya madzi a pampopi mukhoza kuwakwirira pamalo ouma kapena kuwataya ndi zinyalala zina. Amene anasefa madzi okayikitsa, a pafupi ndi dimba lopoperedwa kapena galaja, musawathire m'dimba la ndiwo, musawapatse nkhuku kapena nkhumba, ndipo musawaphikire. Akwirireni m'dzenje pamalo okwera, kutali ndi mtsinje, pa mtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo uliwonse.